Mpikisano wowombera ngati mlenje: mfuti ya mpweya, ya .22 kapena yaikulu?

Pa mpikisano wowombera molingana ndi ulenje sipafa nyama. Chandamale chimakhala chachitsulo kapena chapepala, chodulidwa kapena kujambulidwa mwa maonekedwe a nyama, ndipo amachiika patchire, pa mtunda umene nthawi zambiri wowombera sauzidwa. Palibe tebulo lotsamirapo. Munthu amagona chafufumimba, kugwada, kuimirira kapena kutsamira mtengo, n'kudziwerengera yekha kutalika kwa malo ndi mphamvu ya mphepo. Chimene chikuyesedwa kwenikweni ndi chipolopolo choyamba, poti kutchire gwape sadikira chachiwiri.

Masewerawa ali ndi mitundu ingapo, ndipo uliwonse umafuna mfuti yake, malo ake ndi thumba lake. Anthu akamaganiza zoyambitsa gulu lotere kuno ku Kasungu amathamangira funso loti agule mfuti yanji. Ife timati yambani ndi mafunso ena awiri: kuseri kwa chandamale chanu kuli chiyani, nanga zipolopolo muzizipeza kuti mwezi ndi mwezi? Mukayankha moona, mfuti imadzisankha yokha, ndipo kawirikawiri siikhala yaikulu ija munkailakalaka.

Za chiphaso tisanapite patali

Mfuti ku Malawi zimayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Act, ndipo kalembera wake ali m'manja mwa apolisi. Chiphaso chimatchula mfuti yeniyeniyo ndi nambala yake, ndipo zipolopolo zimagulidwa potengera chiphasocho. Pitani kupolisi musanapereke ndalama kwa wogulitsa aliyense, ngakhale mfutiyo ikhale ya mpweya, makamaka ngati ikuchokera kunja kudzera pa Mwami kapena pa bwalo la ndege. Gogodera wosulidwa kumudzi alibe malo pa mpikisano uliwonse.

Kasungu ali ndi vuto lake lapadera. Chakumadzulo kwa boma lathu kuli paki ya nyama zakutchire ya Kasungu, yaikulu masikweya kilomita opitirira 2,300, ndipo mu 2022 anabweretsamo njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Kulowa m'paki ndi mfuti popanda chilolezo ndi mlandu pakokha, ndipo chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, kupha nyama zotetezedwa kwambiri kumatha kufikitsa munthu ku zaka 30 m'ndende. Kulira kwa mfuti kufupi ndi mpanda wa paki kumaitana asilikali a nyama. Malo a mpikisano akhale kutali ndi malire, ndipo apolisi, mfumu ya deralo ndi mwini malo adziwe tsiku lake.

Mfuti ya mpweya

Mpikisano wa mfuti za mpweya wotsanzira ulenje unakulira ku Britain, ndipo uli pawiri. Wina ndi Field Target, wina ndi Hunter Field Target, umene ambiri amangouti HFT. Chandamale ndi chimodzi: chitsulo chodulidwa ngati kalulu, khoswe, gologolo kapena khwangwala, chokhala ndi bowo pakati. Kuseri kwa bowolo kuli kachitsulo kena. Peleti, kachipolopolo kamtovu ka mfuti ya mpweya, ikalowa pa bowo n'kumenya kachitsuloko, nyama yonse imagwa chagada, ndipo mumaidzutsa pokoka chingwe muli pamalo panu.

Pa HFT pamakhala zandamale 30, kuyambira mayadi 8 mpaka 45, ndiye kuti mamita 7 mpaka 41. Mabowo amayambira pa mamilimita 15 mpaka 45. Kugwetsa nyama ndi mapointi 2, kumenya thupi lake osaigwetsa ndi pointi imodzi. Lamulo limene limakometsa masewerawa ndi loti mukangoyamba simukhudzanso sikopu, galasi lolozera la pamwamba pa mfuti: osapotokola, osasintha kukuza. Mtunda mumauyeza ndi maso, kenako n'kukweza kapena kutsitsa mfuti potsata timadontho ta m'galasi. Field Target amafika mamita 50, amawombera atakhala pansi, ndipo amagwiritsa ntchito masikopu okuza mpaka ka 50 kuti ayezere mtunda. Zida zake n'zodula kwambiri ndipo zatalikirana ndi zimene mlenje anganyamule. Kwa gulu longoyamba, HFT ndiye yoyenera.

Malamulo a mipikisanoyi amaika malire a mphamvu pa majulo pafupifupi 16 (julo ndi muyeso wa mphamvu). Pa mphamvu imeneyi peleti ya mamilimita 4.5 yolemera magalamu 0.55 imachoka pa liwiro la mamita pafupifupi 240 pa sekondi, pamene ya 5.5 yolemera galamu imodzi imangofika cha ku 178. Yochedwayo imagwa msanga, choncho mukaphonya mtunda ndi mamita atatu okha mwaphonyanso bowo. N'chifukwa chake ochita mpikisano ambiri amasankha 4.5, ngakhale wogulitsa m'sitolo angakuuzeni kuti 5.5 ndiyo yamphamvu. Sankhani mapeleti a mutu wozungulira. Osongoka amaoneka oopsa koma samwa malo amodzi, ndipo a mutu wafulati amayamba kusochera akadutsa mamita 25. Chitini cha mapeleti 500 chikagwa pansi, timasiketi topyapyala ta kumbuyo kwa mapeleti timapindika, ndipo peleti yopindika siidzapita kumene mwaloza.

Pano pali kusankha kwina: mfuti ya sipuling'i kapena yopopa mpweya m'thanki.

Ya sipuling'i, monga Weihrauch HW97 kapena Air Arms TX200, siifuna china chilichonse kupatula mapeleti. Koma ili ndi khalidwe. Mukakhethemula, sipuling'i imakankha mfuti kumbuyo kenako kutsogolo peleti isanatuluke, ndiye mmene mwaigwirira mumasintha kumene ikamenye. Igwireni mopepuka, monga mugwirira mwanapiye, isiyeni idzigwedezere yokha, ndipo dzanja likhale pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Mukaitsamiritsa pa mwala kapena pa nthambi youma popanda dzanja pansi pake, peleti imasamuka. Kugwedezeka kwa mbali ziwiriku kumaphwanyanso masikopu, ngakhale amene amapirira pa mfuti yaikulu, ndipo kumatsetsereketsa sikopu kumbuyo pang'onopang'ono. Pamafunika chomangira cha chitsulo chimodzi chokhala ndi kamsomali kolowa pa bowo la pamwamba pa mfuti. Zinthu ziwiri zimene zimapha mfuti zotere ndi kuwombera mulibe peleti komanso kuthira oilo wa makina m'chipinda cha mpweya. Oiloyo amayaka ndi kupanikizika, mfuti imalira ngati ya wonga, utsi n'kutuluka, ndipo mphira yotsekera mpweya imapsa.

Yopopa mpweya siigwedezeka, choncho munthu watsopano amayamba kugwetsa zandamale msanga. Vuto lake ndi mpweyawo. Thanki yake imadzaza pa mabaa 200 (muyeso wa kupanikizika kwa mpweya) kapena kuposerapo, pamene makina opopera matayala pa filing'i sitesheni safika ngakhale pa 15. Mufunika pampu yake yapadera yamanja, ndipo kupopa kwake n'kotulutsa thukuta. Popani pang'onopang'ono n'kumapumira, chifukwa pampu ikatentha timphira take timatha, ndipo timphirato simutipeza pa msika wa Kasungu. M'nyengo ya dzinja pampu imalowetsa chinyezi m'thanki ndipo dzimbiri limayambira m'kati mosaoneka. Chenjezo lalikulu ndi ili: musayese kudzaza thankiyo ndi oksijeni wa kwa owotcherera zitsulo kapena wa kuchipatala. Oksijeni wopanikizika akakumana ndi girisi wa m'mfuti amaphulika, ndipo thanki ili pafupi ndi nkhope yanu. Poona kutalika kwa malo ogulako zida zosinthira, ife timakonda ya sipuling'i yabwino kusiyana ndi yopopa yotchipa.

Zandamale za mfuti ya mpweya sizivuta. Chitsulo wamba cha mamilimita 3 n'chokwanira, ndipo wowotcherera waluso pa boma akhoza kupanga akangoona chimodzi cha chitsanzo.

Mfuti ya .22

Iyi ndi mfuti ya wonga yaing'ono kwambiri mwa zodziwika, monga CZ 457 ya ku Czech Republic. Mpikisano umene umaiyenera ndi wa zinyama zachitsulo zoimika, umene unayambira ku Mexico. Nyama zake ndi zinayi ndipo mitunda yake ndi yodziwika kale: nkhuku pa mamita 40, nkhumba pa 60, nkhukundembo pa 77, nkhosa yamphongo pa 100. Mumawombera 10 pa mtundu uliwonse, zisanuzisanu, mphindi ziwiri ndi theka pa zisanu zilizonse, ndipo zonse muli chilili popanda chotsamira. Nyama ikangolira koma osagwa pa choimikira chake, simunapeze kanthu. Nkhukuyo ndi yochepa kuposa chikhatho, koma imene imaliza anthu ndi nkhukundembo, chifukwa thupi lake n'lopendekeka ndipo ili patali. M'gulu la mfuti zaulenje, malamulo a ku America amati mfuti ndi sikopu yake zisapitirire makilogalamu 3.9.

Chipolopolo cha .22 chimalemera magalamu 2.6. Pali zothamanga wamba, za mamita pafupifupi 325 pa sekondi, ndi zothamanga kwambiri, za cha ku 380. Pa mpikisano tengani zawamba. Zothamangazo zimachoka mopitirira liwiro la phokoso, kenako n'kutsika pansi pake zili m'njira, ndipo pa kusinthako zimagwedezeka n'kumwazikana. Mukalunjikitsa mfuti pa mamita 50, pa mamita 100 chipolopolo chimagwa pafupifupi masentimita 20, ndipo mphepo ya m'mbali ya makilomita 16 pa ola imachikankha masentimita opitirira 10. Apa ndi pamene .22 imaphunzitsa: zonse zimene wowombera mfuti yaikulu amalimbana nazo pa mamita 400, inu mumakumana nazo pa 100, phewa lanu lili bwinobwino.

Mfuti iliyonse ya .22 ili ndi zipolopolo zimene imagwirizana nazo. Yesani mitundu ingapo, ndipo mukasintha mtundu wombani kaye 10 kapena 20 musanaweruze, chifukwa phula la pa zipolopolo zatsopano liyenera kuyala kaye m'paipi ya mfuti. Mukapeza zokuyanjani, gulani zambiri za gulu limodzi monga mmene chiphaso chikulolerani. Kukhethemula mfuti yotere mulibe kanthu kumatha kuphwanya mlomo wa chipinda cha chipolopolo, kenako zikhokhombe zimayamba kukanirira.

Anthu amaipeputsa poti siilira kwambiri. Koma chipolopolo chake chimatha kuuluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka, ndipo chimanjanja pa dothi louma ndi pamadzi kuposa mmene ambiri amaganizira.

Mfuti yaikulu

Ku South Africa, mabungwe a alenje monga SA Hunters, limene linayamba mu 1949, amachititsa mipikisano ya zithunzi zapepala za nswala, njiri ndi nyama zina, pamodzi ndi mbale zachitsulo zopachika. Mizere ya mapointi pa chithunzi siioneka muli patali. Muyenera kudziwa nokha pamene pali mtima ndi mapapo, ndipo kumenya m'mimba kapena pa thako sikupindula. Ku America kuli NRL Hunter, umene ndi wovuta mwa njira ina: mumapatsidwa mphindi 4 kuti mupeze zandamale zobisika m'tchire ndi magalasi oonera patali, muyeze mtunda wake ndi makina, mukonze pogona, ndiponso muwombere. Katundu yense mumanyamula nokha, ndipo magulu ake amagawidwa potengera kulemera kwa mfuti, makilogalamu 5.4 kwa zopepuka ndi 7.3 kwa zolemera. Mpikisano wa ku Mexico uja ulinso ndi mbali ya mfuti zazikulu, nkhuku pa mamita 200 mpaka nkhosa pa 500.

Pa kukula kwa chipolopolo, .223 ndi yofatsa pa phewa ndi pa thumba koma mphepo imaiseweretsa ikadutsa mamita 300. Ya .243 imayenda mowongoka koma imadya paipi msanga, mwina pa zipolopolo 2,000. Ya 6.5 Creedmoor, imene inatuluka mu 2007, imadula mphepo bwino ndipo siikankha kwambiri. Ya .308, ya mu 1952, imagwa msanga kuposa .243 ndi 6.5 ndipo imakankha, koma paipi yake imatha kupirira zipolopolo 5,000 ndipo zipolopolo zake n'zofala m'chigawo chino cha Africa. Mfundo yomalizayi ndiyo ikulemera kuposa zonse kwa munthu wa ku Chamama kapena ku Santhe. Mfuti yowongoka chotani, ikasowa zipolopolo miyezi isanu ndi umodzi ndi katundu wa m'kabati chabe.

Mtengo wa chipolopolo chimodzi cha .308 mukhoza kugulira mapeleti makumi angapo, ndipo luso limabwera ndi kuchuluka kwa kuwombera. Wogula mfuti yaikulu poyamba amawombera 20 pa mwezi, amayamba kuphethira ndi kugwedeza phewa asanakhethemule poopa kukankha, ndipo chizolowezi chimenechi chimavuta kuchichotsa.

Paipi yopyapyala ya mfuti yaulenje imatentha ikawombera katatu kapena kasanu motsatizana, ndipo zipolopolo zimayamba kuyenda. Ipatseni nthawi. Mu Okutobala musasiye zipolopolo padzuwa kapena m'galimoto yotseka, chifukwa wonga wotentha umapsa mwamphamvu, chipolopolo chimamenya m'mwamba, ndipo chotsekera chimalimba potsegula. Ziwerengero zolembedwa pa bokosi anaziyezera pa mpweya wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, pamene chigwa cha Kasungu chili pamwamba mamita opitirira 1,000 ndipo mpweya wake ndi wopepuka. Wombani nokha pa 100, 200 ndi 300, lembani pa kapepala, n'kumata pa thabwa la mfuti.

Chitsulo cha zandamale za mfuti yaikulu si cha kwa owotcherera. Pamafunika cholimbitsidwa cha mtundu wa AR500, cha mamilimita 10, chopachikidwa pa tcheni kapena pa lamba wakale wa chigayo, chopendekera pansi pang'ono, ndipo chisayandikire kuposa mamita 100. Chitsulo wamba chimachita maenje, ndipo dzenje limabweza zidutswa kwa wowombera. Zipolopolo zachisilikali zokhala ndi chitsulo m'kati zisayandikire n'komwe.

Sikopu ndi tizida tina

Pa HFT sikopu yokuza ka 8 kapena ka 10, ya galasi lakutsogolo la mamilimita 32 mpaka 40, ndiyo yabwino, chifukwa imaonetsa bwino chapafupi ndi chapatali popanda kuipotokola. Pa .22 sankhani yotha kusintha kuona kwake mpaka mamita 40 kapena kutsikirapo. Masikopu ambiri a mfuti zazikulu anawakhazika pa mamita 100, ndiye pafupi, diso likangosuntha pang'ono, mtanda wa m'galasi umasunthanso pa chandamale. Pa mfuti yaikulu, zokuza ka 3 mpaka 15 kapena ka 4 mpaka 16 n'zokwanira. Masana a chilimwe mpweya wotentha umavina pamwamba pa dothi, ndipo mukakuza kwambiri mumangokuza kuvinako. Tsitsani mpaka 10 kapena 12, kapena malizani zakutali isanakwane 9 koloko m'mawa.

Dziwani chiyankhulo cha zopotokolera zanu. Zina zalembedwa 1/4 MOA, ndipo kulira kumodzi ndi mamilimita 7 pa mamita 100. Zina zalembedwa 0.1 mil, ndipo kulira kumodzi ndi sentimita imodzi yeniyeni. Kwa ife oyeza ndi mamita, yachiwiriyi siivutitsa mutu. Pomanga sikopu musalimbitse masikuluwu mpaka kutha mphamvu. Pamafunika pafupifupi 2 Nm basi, ndipo kupyola apo mumafinya paipi ya sikopu, zam'kati n'kuyamba kukanirira. Pa mfuti yokankha siyani danga la masentimita 8 kapena 9 pakati pa diso ndi galasi, apo ayi sikopu idzakutemani pa nsidze.

Zina simufunika kugula. Ndodo zotsamiritsira mfuti mumapanga ndi nsungwi ziwiri kapena zitatu zomanga ndi mphira ya chubu cha njinga, chikhatho chimodzi kuchokera kumwamba. Kathumba kotsamira mumasoka ndi mwendo wa buluku lakale n'kuthiramo mchenga wouma wosefa. Mukathiramo chimanga kapena mpunga, anankafumbwe ndi makoswe adzakuthandizani kukamaliza. Zimene simuyenera kuumira nazo ndi zotseka m'makutu ndi magalasi a m'maso. Kulira kwa .22 kumafika cha ku madesibelo 140 (muyeso wa phokoso) ndipo mfuti yaikulu imafika 160, ndipo makutu akawonongeka sabwerera. Thonje silitseka kanthu. Mapeleti ndi a mtovu, choncho chizolowezi cha anyamata chowasunga m'kamwa chiletsedwe, ndipo aliyense asambe m'manja asanadye.

Malo

Mfuti ya mpweya imafuna kadera ka mamita 50 kutsogolo, ndi malo opanda anthu kuseri kwake, chifukwa peleti yoloza m'mwamba imadutsa mamita 300. Munda wa bulugamu pa esiteti ndi wabwino kwambiri: muli mthunzi, muli mitengo yotsamira, ndipo kuwala kosinthasintha kumasokoneza maso poyeza mtunda, zomwe ndi zimene mpikisano umafuna. Ya .22 imafuna mamita 100 ndi chotchinga chenicheni. Yaikulu imafuna mamita 300 mpaka 500 ndi phiri kapena khoma ladothi kumbuyo, poti chipolopolo cha .308 chophonya chimatha kukafika makilomita 4. Chigwa chathu n'chafulati ndipo midzi yake ndi yoyandikana. Malo ochuluka amene amaoneka opanda anthu ali ndi njira ya njinga kapena chigafa cha fodya kuseri kwa mitengo.

Ziulu zikuluzikulu za kuno zimathandiza pa mpweya ndi pa .22, koma osati mmene zilili. M'chilimwe chulu chimauma gwa, ndipo mbali zake zotsetsereka zimadumphitsa chipolopolo. Semani mbali yoyang'ana kwa owombera ikhale yoimirira, chotsani miyala, n'kuunjikapo matumba a mchenga. Damu lisakhale kutsogolo kwa mfuti.

Miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndiyo yabwino, mbewu zitachoka m'munda ndipo kusanatenthe, ngakhale Mwera amawomba mwamphamvu mu Juni ndi Julaye. Mangani kansalu kopepuka pa ndodo pakati pa njira ndi pafupi ndi chandamale, chifukwa mphepo ya pamene mwagona siifanana ndi ya uko. Koma nyengo yomweyi ndi imene anyamata amakhala m'minda yokololedwa kukumba mbewa, atawerama moti simungawaone, abusa ali ndi ng'ombe m'dambo, amayi akutola nkhuni. Yenderani dera lonse wapansi musanayambe, ikani nsalu zofiira ndi munthu pa njira iliyonse yolowera, ndipo pakhale woyang'anira mmodzi wa wezulo amene akaimba kamodzi mfuti zonse zimatsegulidwa n'kuikidwa pansi. Lambulani udzu mamita angapo kuzungulira chandamale chilichonse chachitsulo, chifukwa zidutswa zotentha zimayatsa udzu wouma, ndipo pakhale ndowa zamadzi ndi nthambi zaziwisi pafupi. Posamuka kuchoka pa chandamale china kupita pa china, mfuti ikhale yopanda chipolopolo, chotsekera chili chotsegula, mlomo wake utaloza pansi.